Febuluwale wa ku Khonjeni

Khonjeni ili kumunsi kwa tiyi. Wochokera ku Limbe amadutsa Bvumbwe, kenako amalowa m'minda yobiriwira ija timaiona pa makalendala, yometedwa mofanana kuyambira m'mphepete mwa msewu mpaka pamwamba pa zitunda. Akasiya tala n'kukwera njinga ya kabaza, dziko limayamba kutsetsereka kulowera ku zigwa za Thuchila ndi Ruo, phiri la Mulanje lili tsidya ilo, ndipo tiyi amatha mwadzidzidzi. Pamene wathera ndi pamene pamayambira anthu. Pakati pake palibe linga, pamangokhala kanjira kapena mzere wa bulugama. Uku kuli tiyi wa kampani, kuli zii, kopanda ngakhale nkhuku. Uko kuli nyumba, manda, mbuzi, ana, ndi timinda tothithikana mpaka pakhomo penipeni.

Njanji inadutsa kuno kalekale. Inachokera ku Nsanje, kumene masiku amenewo ankati Port Herald, n'kukwera motsata Ruo kudzera ku Sandama, Khonjeni ndi Luchenza, mpaka inafika ku Blantyre mu 1908. Cha m'nthawi yomweyo tiyi anayamba kubzalidwa ku Thyolo, pa Bandanga, atazika kale mizu ku Mulanje kumene Henry Brown anamubzala mu 1891. Sitima inkatulutsa tiyi, inkatulutsanso anthu. Agogo anga aamuna anakwera pa siteshoni ya Khonjeni ali mnyamata, m'zaka za m'ma 1950, nawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, nakathera pa famu ya fodya kufupi ndi Bindura, ku Zimbabwe. Sanabwerere. Kwawo ankawatchula m'gulu la machona. Ine ndinabadwira pa komboni ya famu imeneyo, ndipo Chichewa ndinachiyamwira komweko. Choncho pamene ndinkalowa m'Malawi pa Mwanza, nditadzera Nyamapanda ndi Tete, ndinapereka pasipoti ya dziko lina, n'kulembedwa kuti ndine mlendo. Ku Khonjeni anandilandira mayi wina wa mbumba ya alongo awo a agogo. Sanavutike n'kuwerenga mibadwo. Anangoti "achimwene", ine n'kuti "achemwali", ubale n'kukhazikika pomwepo.

Unali mwezi wa Juni, ndipo chiperoni chinali chitagwira dziko. Nditapita kukaona sukulu ya pulayimale ya m'deramo, ana ankatulukira m'nkhungu m'timagulu, manja ali m'khwapa, ena atafunda zitenje za amayi awo pamwamba pa yunifolomu. Pafupifupi aliyense anali ndi kapu yapulasitiki yomangirira m'chiuno ndi kachingwe, ndipo ambiri ananyamula kachikuni kamodzi kokaponya pamulu wa amayi ophika phala. Limu ya galimoto yopachikidwa mumtengo inalira, ana n'kuthamangira ku asembule. Ahedi anandilandira ndi manja awiri, n'kundikhazika mu ofesi imene inalinso sitolo ya mabuku, makasu ndi matumba a ufa wa likuni, n'kundipatsa buku la alendo kuti ndisaine. Masamba a m'mbuyo anali odzaza ndi mayina a ku England, Germany ndi America, pambali pake pali mawu othokoza. Ndinaona kuti alendo onsewo anafika pakati pa Meyi ndi Okutobala, nthawi imene msewu umapitika.

Anandionetsa zimene mlendo amaonetsedwa, ndipo zinali zoona, sizinali zachiphamaso. Mu Sitandade 1 ana oposa 100 anakhala pansi mothinana, mphunzitsi wamkazi wachitsikana akuyenda pakati pawo mosamala kuti asaponde zala. Analemba chilembo pabolodi, ana onse n'kukweza dzanja kuchilemba m'malere, kenako pansi ndi chala, kenako m'makope amene ena anali odulidwa pakati kuti akwanire ana awiri a nyumba imodzi. Sanakalipe ngakhale kamodzi. Phokoso likakula ankangoyambitsa kanyimbo, ana n'kulandira, bata n'kubwerera. Chipinda cha Sitandade 8 chinali ndi alendo ake: eni ake anali atalemba kale mayeso a MANEB n'kupita kwawo kukadikira zotsatira, ndiye ana a Sitandade 3, amene chaka chonse amaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, anawalowetsa m'menemo. Ankakhala pa madesiki miyendo ili lendelende, akusisita thabwa ndi zikhatho, ena akungoyang'ana malata kudenga. Kwa milungu yowerengeka chiperoni chinkawapeza ali m'nyumba.

Titabwerera mu ofesi ndinayamikira kuti ana ndi ambiri, ndiponso ndi osangalala. Ahedi anamwetulira.

"Mwabwera nthawi yabwino, bambo. Mwezi uno aliyense wadya."

Anatambasula dzanja pashelefu n'kutsitsa kaundula wa Sitandade 5, wokutidwa ndi pepala la thumba la simenti. Anatsegula pa Juni: mizere ya ana obwera inali ndondondo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako ananyowetsa chala n'kubwerera m'mbuyo, kudutsa Meyi, Epulo, Malichi, n'kuima pa Febuluwale. Tsambalo linali mbuu ndi tiziro. Dzina lina linali ndi tiziro sabata yathunthu, kenako masiku awiri obwera, kenako tiziro tokhatokha mpaka kumapeto kwa teremu. Pa Epulo dzinalo linali litadulidwa ndi rula.

"Awa si ana aulesi ayi," anatero, chala chikutsika ndi mayinawo. "Uyu amakhala kutsidya kwa mtsinje, ukadzaza sawoloka. Uyu mayi ake amalawirira ku esiteti nkhuku zisanatsike, ndiye amatsala ndi khanda. Awa awiri amapita ku ganyu wopalira ndi agogo awo. Uyu malungo. Uyu anagona ndi njala masiku awiri, ndiye tsiku limene kuno ufa wa phala unatha, sanaone chodzera."

Ankawadziwa onse, mwana ndi mwana, ndi njira yopita kwawo. Sanandionetse kaundulayo kuti ndimve chisoni kapena kuti nditulutse chikwama. Anandionetsa monga mmene munthu wantchito amaonetsera pamene pali vuto la ntchito yake.

Chitseko cha sukulu chinatsegulidwa kwa aliyense mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kulowa kunaphweka, kukhalitsa ndiye kunatsala kovuta. Pasukulu imeneyi Sitandade 1 inali ndi magulu angapo, pamene Sitandade 8 yonse inakwana m'chipinda chimodzi, malo n'kutsala. Ana otayika pakatipo satayika tsiku limodzi. Amajomba mu Febuluwale wa chaka chino, n'kulephera mayeso a mu Julayi, n'kubwereza kalasi. Chaka chamawa chimodzimodzi. Pofika Sitandade 5, pamene Chingerezi chimayamba kulemera, mtsikana amakhala atatha msinkhu ali pakati pa tiana, ndipo manyazi amamaliza zimene njala inayamba. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, ndipo amayi a gulu la pasukulu amayendadi khomo ndi khomo kubweza ana amene alowa m'banja. Koma pamene iwo akugogoda, nkhaniyo imakhala itayamba kale, zaka zitatu kapena zinayi m'mbuyomo, pa tsamba la tiziro lija.

Tanthauzo la tsambalo ndinakalimvera kumunda kwa achemwali. Mundawo sukwana ekala. Amayi awo anali ndi munda wokulirapo, koma kuno malo amayenda ndi ana aakazi, mwamuna n'kudzakhala mkamwini, ndiye anaugawa patatu. Munda uli ngati chitenje: ukachidula koyamba umapeza mipango iwiri, ukapitiriza kudula palibe amene amafunda. Komabe m'kachigawo kameneko munalibe dothi logona. Mapesi a chimanga anali atawagoneka m'makwalala kuti awolerane. Nandolo anali ataposa msinkhu wanga, akuchita maluwa achikasu. M'malire munali chinangwa, chopatsa chigwada lero ndi makaka mawa. Kumunsi kunali mizere ya mbatata, ndipo pa mtengo wa mapeyala panayanga kalongonda, chakudya cha Alhomwe chimene chimafuna nkhuni zambiri ndi kuleza mtima. Palibe buku limene linawaphunzitsa kasanjidwe kameneka. Mbewu iliyonse anaiika poganizira mwezi umene idzawaombole.

Nkhokwe panalibe. Chimanga anachitonola, n'kuchithira mankhwala, n'kuchisunga m'matumba kuchipinda chogona, chifukwa cha akuba ndi anankafumbwe. Anandilowetsa kuti ndione. Anaika dzanja pa thumba lililonse akutchula mwezi.

"Ili Julayi. Ili Ogasiti. Awa awiri atifikitsa Okutobala, Mulungu akalola Novembala. Kuchokera pamenepo, achimwene, timadya za m'manja."

Ndinafunsa za zitsa zakuda zimene zinali m'khwawa kuseri kwa nyumba. Anati panali nthochi. Aliyense wa ku Thyolo wamsinkhu wawo amakumbukira nthawi imene nthochi zinkadzaza malole opita ku Blantyre ndi Lilongwe, ndipo pa masiteshoni a njanji imeneyi mikoko inkasanjidwa kudikira sitima ya ku Limbe. Kenako kunabwera chisaka, matenda ofalitsidwa ndi nsabwe za nthochi ndiponso ndi mphukira zodwala. Masamba amaphuka ang'onoang'ono, othinana pamwamba, mtengo n'kupinimbira osabereka. Mankhwala ake palibe. Alangizi amati zulani phata lonse, muwononge, mudikire, kenako mubzale mbewu yopanda matenda monga imene amachulukitsa ku Bvumbwe. Koma kuzula kumathandiza pokhapokha mudzi wonse utazula pamodzi, ndipo n'kovuta kuuza mayi wamasiye kuti agwetse phata limene likumupatsabe kamkoko kamodzi.

Chimene sindinkachidziwa bwino n'chakuti nthochi sinali chipatso chabe. Chimanga chimabwera kamodzi pachaka, nandolo kamodzi, koma nthochi imapsa mwezi uliwonse, ngakhale mvula ili pakati. Inali ndalama ya mu Febuluwale. Mkoko umodzi unkagula ndowa ya chimanga, sopo, kope, ndipo zotsala ana ankadya zophika asanapite kusukulu. Chisaka chitadutsa, mwezi umenewu unatsala pamtunda. Nandolo anayesa kulowa m'malo, koma mtengo wake umapangidwira kutali: mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, alimi kuno anatsala ndi matumba opanda wogula wamtengo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola mizere ya kumunsi kwa munda uno chimanga chili pafupi kukhwima. Achemwali ankazifotokoza izi mopanda kudandaula, akuthyola chigwada cha ndiwo zamadzulo.

Ndiye pamatsala tiyi. Alamu anga, amuna awo a achemwali, amathyola tiyi pa esiteti ina chakumtunda, ndipo mu Juni anali pakhomo, chifukwa nyengo yozizira tiyi saphuka kwenikweni. Makampani amadulira mitengo n'kutsala ndi antchito ochepa. Anandionetsa zala zawo, zokhakhala ndi zong'aluka m'mphepete, n'kundisonyeza m'malere mmene amathyolera: timasamba tiwiri ndi kansonga, manja onse awiri nthawi imodzi, kuponya kumbuyo m'dengu osacheuka. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphuka mosalekeza, ndipo gawo lalikulu la tiyi wa chaka chonse limathyoledwa m'miyezi imeneyi. Sadikira munthu. Ukachedwa masiku ochepa tsamba limakhwima, ndipo lothyoledwa liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo kuti likafote, lidulidwe, lifiire, liumitsidwe. Makilogalamu pafupifupi 5 a masamba aawisi ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi womwa, amene wambiri amapita ku Britain ndi South Africa kukasakanizidwa ndi tiyi wa mayiko ena chifukwa cha kufiira kwake. Wothyola amalipidwa poyang'ana sikelo, choncho amafika mame asanakamuke, ndipo mvula imamupeza ali momwemo.

Apa ndi pamene zinthu zonse zimakumana. Mwezi umene esiteti ikufuna manja onse ndi womwewo umene chimanga chikufuna kupalira, kubandira ndi feteleza wachiwiri. Ndi womwewo umene matumba akuchipinda atha, mtengo wa chimanga pamsika uli pamwamba, udzudzu wachuluka, mitsinje yadzaza, ndipo teremu yachiwiri ili pakati, pamene aphunzitsi amaphunzitsa zambiri za chaka. Bambo ali ku tiyi. Mayi asankhe: apalire munda wake umene udzamudyetse mu Epulo, kapena apalire wa mwini kuti ana adye lero. Akasankha ganyu, munda wake umamera udzu, zokolola zimachepa, ndipo njala ya chaka chamawa imayamba msanga. Ntchito yotsala, yolera khanda, yotunga madzi, yoyang'anira mbuzi, imagwera amene ali ndi zaka 11. Palibe kholo limene limakhala pansi n'kunena kuti mwana wanga asiye sukulu. Amangoti lero lokha, mawa apita.

Munthu akaima m'munda wosakwana ekala akuyang'ana zitunda za tiyi, funso la malo limabwera lokha. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka zikalata zotsimikiza kuti malo aakulu a kumapiri a Shire ndi a azungu amene ankati anawagula kwa mafumu, ndipo chigawo chachikulu cha Thyolo chinagwera m'manja mwa makampani monga British Central Africa Company. Nthawi yomweyo Alhomwe ankawoloka Ruo kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anapeza pokhala pa malo a azunguwo, koma lendi yake inali thangata: kugwira ntchito ya mwini malo, makamaka m'miyezi ya mvula, pamene munda wako ukukufuna. Mu Ogasiti 1953 mkwiyo unaphulika m'boma lino, ndipo anthu anafa. Thangata anathetsedwa mu 1962, koma malire a minda ya tiyi sanasunthe kwenikweni, pamene anthu anapitiriza kubadwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Ntchito ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, inathandiza mabanja pafupifupi 15,000 kupeza minda, ndipo ena mwa iwo anachoka ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi. Mu 2016 anthu a People's Land Organisation, motsogozedwa ndi Vincent Wandale, analowa m'malo a Conforzi, nkhani n'kukathera kukhoti. Ndinamva anthu akuikamba nkhani ya malo mosiyanasiyana, ena mokwiya, ena mwamantha kuti esiteti itatsekedwa lero ndalama ya mu Januwale ingachokere kuti. Onse awiri ankanena zoona. Chimene ndinaona ine n'chakuti lamulo la thangata linafa, koma kalendala yake ikadalipo: manja a banja amafunidwabe kumtunda pa nthawi imene akufunidwa kwambiri pakhomo.

Kalendala imeneyi si yachilendo kwa ine. Pa famu pamene ndinakulira, fodya ankathyoledwa ndi kuwotchedwa m'mabani miyezi yomweyo, ndipo sukulu yathu ya pafamu inkachepa ana nthawi imeneyo, ife tili kothandiza makolo kumanga masamba. Ku Chipinge kampani ya Tanganda inakhala zaka zambiri ndi masukulu amene ana ankathyola tiyi mbali ina ya tsiku n'kuphunzira mbali inayo, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati zimenezo zinali chithandizo kapena goli. Ife a pakomboni tinalibe munda ngakhale wa phazi limodzi. Mafamu atalandidwa kuyambira mu 2000, ambiri mwa ife tinataya ntchito ndi pogona tsiku limodzi, ndipo pogawa malowo ankatiuza kuti kwathu ndi ku Malawi. Tinkalota za abale otsala kumudzi, kuti iwo ali ndi dothi lawolawo limene palibe angawathamangitsepo. Nditafika ndinapeza kuti iwonso amalota za ife, ndiponso za anyamata awo amene ali ku Joni, kuti kumeneko ndiye kuli moyo. Agogo anathawa kuchepa kwa malo n'kukafera pa malo a mwini. Alongo awo anatsala, n'kusiyira zidzukulu malo amene akutha ndi kugawa. Sindinganene kuti anasankha bwino ndi ndani.

Madzulo ena tili pakhonde, achemwali akusenda chinangwa choti ayanike, ndinawafunsa ngati samaona kuti sukulu ikuwalanda manja amene akanawathandiza kumunda, pomwe ana ambiri omaliza Fomu 4 akungokhala pamudzi kapena kupalasa kabaza. Anayankha osadzutsa mutu.

"Ana aakazi ndili nawo atatu. Inu mwauona mundawo. Ndidulenso pati? Aphunzire basi. Wina akadzakhala namwino ku Malamulo, azidzagula chimanga cha anzake."

Sanalankhule ngati munthu wokhulupirira kuti sukulu ndi mankhwala a zonse. Amadziwa kuti malo a ku sekondale ndi ochepa, kuti ambiri osankhidwa amapita ku sekondale yoyendera imene ili kutali, ndiponso kuti yunivesite ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014 pa Ndata m'boma lomweli, ana a m'mudzi mwawo amangoimvera pa wailesi. Anangowerengera n'kupeza kuti njira ina palibe. Munda sungathe kusunga m'badwo wotsatira, ndiye uyenera kugwira ntchito imodzi yomaliza: kudyetsa anawa kufikira atapeza poima pena. Sukulu nayonso siingathe kuphunzitsa mwana amene munda walephera kumudyetsa. Ziwirizi zimadalirana, ndipo pamene zimasiyana manja ndi milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu ya pakati pa dzinja.

Ndakhala ndikusinkhasinkha za buku la alendo lija. Anthu amene anasainamo si oipa. Ena amagona ku nyumba za alendo za pa Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, n'kutsika tsiku limodzi kudzaona sukulu, atanyamula mipira, mapensulo ndi makamera. Ana amaimba, alendo amagwetsa misozi, ndipo nthawi zina pamatuluka chipinda chatsopano kapena mjigo, zinthu zimene zimakhalitsa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu chifukwa chokamuka. Komabe mlendo amanyamula chithunzi cha mwezi umene anafika, n'kumathandiza molingana ndi chithunzicho. Woona sukulu mu Juni amaona kusowa kwa madesiki, chifukwa ana onse alipo ndipo akukhala pansi. Kusowa kwa ana enieniwo sangakuone, pakuti mwana amene sanabwere sajambulika.

Inenso dzina langa lili m'buku lomwelo, pa tsamba la Juni. Kusiyana kwanga ndi alendo enawo n'kwakuti ine ndinaitanidwa kuchipinda kukaona matumba, ndipo amene waona matumba sangadzinamize kuti sakudziwa mwezi umene adzathe. Ife a kunja, kaya tili ku Harare, ku Bulawayo kapena ku Johannesburg, tili ndi chizolowezi chathu. Timakumbuka kumudzi pa Khirisimasi. Timatumiza ndalama ya mpunga, nkhuku ndi zovala zatsopano, timalandira zithunzi pa WhatsApp, mtima n'kukhala pansi. Pofika pakati pa Januwale ifenso tili ndi ngongole zathu, fizi ya ana athu, lendi, ndipo foni ya kumudzi ikalira timaiyang'ana kaye tisanayankhe. Chisangalalo cha Khirisimasi n'chofunika, ndipo sindikufuna kulanda mwana aliyense mpunga wake. Koma ndalama yomweyo itagawidwa pawiri, theka n'kufika kumapeto kwa Januwale, ikhoza kugula chimanga chimene chingasunge mayi m'munda mwake sabata yopalira, mwana n'kukhala m'kalasi.

Izi sizikonza nkhani ya malo, sizibweza nthochi, ndipo sizikweza mtengo wa kilogalamu ya tiyi pa sikelo. Zimenezo ndi nkhani za boma, makampani, mabungwe a antchito ndi mafumu, ndipo ziyenera kukambidwa mokweza ndi amene ali ndi mawu kumeneko. Palinso zina zimene zili m'manja mwa oyendetsa maphunziro: kuonetsetsa kuti ufa wa phala usathe m'teremu yachiwiri ngakhale utapereweza m'materemu ena, ndi kuthandiza mwana wojomba mu Febuluwale kuti apeze anzake mu Meyi m'malo momubwezeretsa kalasi chaka chathunthu. Gawo langa ndi laling'ono kuposa pamenepo. Ndinagwirizana ndi achemwali kuti za Khirisimasi zizichepa, ndipo zotsalazo zizifika sukulu zikatsegulira mu Januwale ndi pakati pa Febuluwale, osadikira kuti iwo ayambe apempha. Anaseka, n'kunena kuti ana adzandida chaka choyamba. Kenako anandiuza kuti ndisamatumize Loweruka, chifukwa tsiku la msika wothandiza kutapa ndalama pafoni amakhala atatha ndalama dzuwa lisanafike pamutu.